Kodi chibalo ndi thangata n'chimodzi?

Mphunzitsi wina wa ku Ulónguè, ku Mozambique, wandilembera: "Ndinaona chithunzi cha nyuzipepala yakale, O Brado Africano, momwe analemba 'xibalo'. Kodi ndi chibalo chathu chomwechi? Nanga chimasiyana bwanji ndi thangata?"

Aphunzitsi, mwandikanda poyabwa! Inde, ndi chomwecho. Chilembo x pa Chipwitikizi chimamveka ngati "sh", n'chifukwa chake m'mapepala akale mupezamo xibalo, shibalo ndi chibalo, koma nkhani yake ndi imodzi: ntchito yokakamiza. Nyuzipepala imeneyo anaiyambitsa mu 1918 ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) ndi João Albasini ndi mbale wake José, ndipo inkadzudzula mchitidwewu atsamunda akumva.

Ine ndimakhulupirira kuti mawuwa anabwera ndi anthu a kumigodi, kuchokera ku "bhala" wa Chizulu, kutanthauza kulemba. Munthu wa chibalo anali wolembedwa m'kaundula. Ndikamatero ndimakumbukira agogo anga aamuna ku Dómuè, atakhala pakhonde akupota chingwe cha khonje. Sankanena kuti "anandigwira", ankati "anandilemba". Asupayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, ankafika usiku ndi nyakwawa, mwamuna n'kupita miyezi 6, munda n'kumera tchire. Wothawa akagwidwa, mbalamatodya inkamutupitsa zikhatho. Agogo ankatambasula manja awo kuti tione.

Musaiwalenso kuti nkhondo ya ku Báruè ya 1917, youkira Apwitikizi, inabuka anthu atatopa ndi kugwidwa kukalambula msewu wochoka ku Tete kupita ku Macequece (Manica wa lero).

Thangata ndi wina. Ameneyu ndi wathuwathu, wochokera ku "kuthangata", kuthandizana ngati pa dima. Azungu a minda ya ku Nyasaland anawapotoza mawuwa kuti atanthauze kulimira mwini esiteti ngati lendi ya malo okhalapo, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe mu 1915. Choncho chibalo ndi mlendo amene anabwera ndi ululu wake, pomwe thangata ndi mwana wapakhomo amene anamuipitsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti lero mwana akachedwa kusukulu n'kuuzidwa kusesa bwalo, akuti "andipatsa chibalo", enanso akuti "panishimenti". Mawu oti chilango alipo, bwanji osawagwiritsa ntchito? Sindingaletse wandende kunena kuti akugwira chibalo, pamenepo mpoyenera ndithu. Koma za tsache la pasukulu, aphunzitsi, auzeni anawo kuti n'chilango basi.