Kwa achimwene amene afunsa kuti za Gaza ndi Goma zikutikhudza bwanji ife a ku Kasungu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga, ndipo ndaona kuti ena akuyankhani mokalipa pamene inu mwafunsa mwaulemu. Mwati ife tikulira ndi feteleza, mafuta a galimoto ndi shuga, nanga n'chifukwa chiyani ena m'gulu muno amangokhalira kulemba za asilikali amene akhala pa dziko la eni ku Palestine ndi ku Congo, kenako n'kutulukira pa IMF, bungwe lobwereketsa mayiko ndalama? Mwawonjezanso kuti mwina anthu a maganizo a kumanzerewa ntchito yawo n'kungoloza chala azungu. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewo, choncho mundilole ndiyankhe motalikirapo.

Munthu wa kumanzere pa ndale nkhani iliyonse amaiyambira pa mlimi ndi wantchito. Akukhetsa thukuta ndani, mtengo akuika ndani, phindu likukagona kuti? Mukafunsa choncho mumapeza kuti mfuti ndi ngongole nthawi zambiri zimagwira ntchito imodzi, yomulanda munthu mphamvu yonena mtengo wa thukuta lake ndi nthaka yake. Ndipo Kasungu yaziona zonse ziwiri.

Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la Britain anathira nkhondo Mwase Kasungu n'kumugonjetsa, ndipo anamanga linga lawo kuno lotchedwa Fort Alston. Mchinji nayo inali Fort Manning, linga loyang'anizana ndi Angoni a Mpezeni, amene anagonjetsedwa mu 1898 n'kulandidwa ng'ombe zikwizikwi. Chifukwa chimene anapereka pa za Mwase chinali malonda a akapolo, ndipo malondawo analipodi, sitingabise. Koma taonani chimene chinabwera mfuti zitaleka kulira. Unabwera msonkho wa nyumba, mashiling'i 3 pa chaka m'zaka zimenezo, pamene munthu wakumudzi ndalama analibe. Kuti aipeze ankayenera kukagwira ntchito kwa mzungu, kapena kuyenda wapansi mpaka ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Kamuzu mwiniwake anachoka kuno ali mnyamata panjira yomweyo ya matchona. Mu 1926 kunabwera Native Tobacco Board, yolamula kuti mlimi wachikuda agulitse fodya wake kuti komanso motani. Msilikali anatsegula njira, kenako wa msonkho ndi wogula fodya anapitiriza ntchito popanda kuwombanso mfuti.

Mbendera inasintha mu 1964. Chaka chotsatira Kwame Nkrumah wa ku Ghana analemba buku lochenjeza kuti dziko likhoza kukhala ndi mbendera, nyimbo ya fuko ndi pulezidenti wake, koma chuma chake chikuyendetsedwa kuchokera kunja. Ndikudziwa kuti kuno kwathu dzina la Ngwazi salitchula mwachisawawa, ndipo misewu ndi masukulu amene anamanga tikuwaona. Komabe zoona n'zakuti m'nthawi yake lamulo la Special Crops Act linaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale, fodyayo n'kukhala wa maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990. ADMARC inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, ndipo phindu lake lambiri linkakathandiza kukuza maesiteti a Press ndi a akuluakulu ena. Malo a makolo ochuluka kuno ku Kasungu anasanduka a lizi, anthu ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi madera ena n'kubwera kudzakhala matenanti.

Utenantiwo ndi umene umandithandiza kumvetsa dziko lathu. Tenanti amalandira phoso, feteleza ndi khasu pa ngongole kwa mwini esiteti. Fodya akauma amagulitsa kwa mwini yemweyo, pa mtengo umene mwiniyo wanena, ndipo akadula ngongole nthawi zina amabwerera kwawo chimanjamanja. Palibe amene wamuloza mfuti, koma sangayankhe mokweza mawu chifukwa phoso la mwezi wamawa lili m'manja mwa munthu yemweyo. Malawi pa msika wa dziko lapansi ali pamalo a tenanti.

Amene munaperekezapo mabelo ku Chinkhoma mukudziwa mmene zimakhalira. Munthu wafesa nazale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, watunga madzi ndi keni, wawokera, wathyola, wasoka, wapachika m'chigafa, wasankha magiredi usiku ndi tochi, wadinda pa jeke. Ogula amadutsa pamzere wa mabelo, kusolola timanja tingapo, kuyang'ana, n'kulemba mtengo wa madola, zonsezo m'kanthawi kosakwana ndi mphindi. Pa seloshiti pamabwera mzere wa zodula: thiransipoti, ziguduli, malevi, msonkho, ngongole ya zipangizo ngati uli pa kontilakiti. Ogula akuluakulu ndi owerengeka pa zala. Limbe Leaf ili pansi pa Universal ya ku America, Alliance One ndi ya ku America komweko, JTI ndi ya ku Japan. Ndudu zambiri zimakapangidwa kunja, ndipo ndalama zenizeni zili pa nduduyo osati pa tsamba. Fodyayu amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja. Madola omwewo ndi amene timagulira feteleza amene sitipanga, mafuta odzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndi mankhwala a m'zipatala. Akachepa timapita kukabwereka, ndipo wobwereketsa amabwera ndi malamulo ake.

Malamulowo tinayamba kuwalandira mu 1981 pa ngongole ya World Bank yokonzanso chuma. Mu 1987 misika yambiri ya ADMARC inatsekedwa n'kutsegulira mavenda, ndipo m'ma 1990 sabuside ya feteleza inachotsedwa. Kenako inafika njala ya 2002. Nkhokwe za dziko zinali ndi chimanga chokwana matani pafupifupi 167,000. A IMF analangiza kuti china chigulitsidwe pobweza ngongole n'kusiyako pang'ono, koma chinagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo mvula itavuta nkhokwe zinali mbee. Kasungu inali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri. Ine ndinaona amayi akukumba zitsa za nthochi n'kumazisinja kuti apeze chothira mumphika, anthu akulimbirana gaga pachigayo, mbuzi ikusinthidwa ndi ndowa ya chimanga yosadzaza n'komwe, ndi mabanja a matenanti atakhala m'mbali mwa msewu ndi akatundu awo atachotsedwa pa maesiteti chifukwa phoso linatha. Maliro ena ankapita ndi anthu ochepa, poti okumba manda analibe mphamvu. Nkhani imeneyi ndikamaiyankhula mtima umandiwawabe.

Tsono tiyeni tipite ku Palestine. Asilikali a Israel akhala akulamulira dera la Apalestina la West Bank kuyambira 1967. Anthu amaonera pa TV mabomba okha, koma kulamulidwa ndi asilikali a eni kumaonekera kwambiri pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Malire onse ali m'manja mwa Israel. Ndalama imene Mpalestina amagwiritsa ntchito kwambiri ndi shekel ya Israel. Malinga ndi pangano la ku Paris la 1994, msonkho wa katundu wolowa umatoleredwa ndi Israel n'kuperekedwa kwa boma la Apalestina, ndipo akakangana ndalamazo amazigwira, aphunzitsi ndi manesi n'kumalandira malipiro operewera. Mlimi wina amafunika chilolezo kuti akafike kumunda wake wa maolivi. Anthu ambirimbiri ankadalira kukagwira ganyu ku Israel pa zilolezo zimene zingalandidwe tsiku lililonse.

Pa 7 Okutobala 2023 a gulu la Hamas la ku Gaza analowa ku Israel n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndipo chimenecho ndi choipa chimene sindingachiikire kumbuyo. Chimene chinatsatira ku Gaza ndi imfa za anthu zikwi makumimakumi, ana ndi amayi ochuluka. Zilolezo za antchito a Chipalestina zinaimitsidwa, antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwawo, minda ya ku Israel inasowa manja. Mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi, ndipo IMF inavomereza ngongole yatsopano, ndege inanyamula achinyamata athu 221 kupita kuminda imeneyo. Akuluakulu a boma ananena poyera kuti akuyembekezera ndalama zakunja kuchokera kwa anyamatawo. Sindikunyoza amene anapita. Mnyamata amene ali ndi MSCE koma akungokhala pa Chinkhoma kudikira ganyu yotsitsa mabelo, mungamuuze kuti akane? Agogo ake anapita ku Wenela pa chifukwa chomwecho. Koma taonani chotsatira chake. Mu Julayi 2024 khoti la dziko lonse lapansi la ku The Hague linanena kuti kukhala kwa Israel m'madera a Apalestina n'kosemphana ndi malamulo. Mu Seputembala chaka chomwecho mayiko 124 ku United Nations anavota kuti Israel achokemo, 14 anakana, ndipo mu Africa yense amene anakana ndi Malawi yekha. Ife amene tili ndi tsiku la 3 Malichi, lokumbukira anthu athu amene anawomberedwa mu 1959 ndi asilikali a atsamunda ku Nkhata Bay ndi madera ena! Ena anganene kuti ubale wathu ndi Israel ndi wakale, wa nthawi ya Kamuzu, ndipo Akhristu ambiri amaukonda. N'zoona. Koma Kamuzu yemweyo mu 1967 anamanga ubale ndi boma la tsankho la South Africa pamene anzathu ankalikana, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu la Lilongwe inachokera komweko. Ine ndimaona kuti amene alibe madola ake amataya ndi mawu ake omwe.

Za Congo ndiye zatifika mpaka m'nyumba. Mu Januwale 2025, pamene zigawenga za M23 zinkalanda mzinda wa Goma, asilikali athu atatu a MDF amene anali m'gulu la SADC anaphedwa. Akatswiri a United Nations analemba kuti M23 imathandizidwa ndi asilikali a Rwanda, ndipo mu 2024 inalanda Rubaya, kumene amakumba coltan, mwala umene umalowa m'mafoni tikulemberawa. Kumeneko palibe mzungu wanyamula mfuti. Ndi Mwafirika kulanda dera la Mwafirika mnzake, mwalawo n'kudutsa malire kupita kwa ogula akunja, wokumba ndi fosholo n'kutsala ndi matope m'miyendo.

Apa ndiye pafika funso lanu loti timangoloza azungu. Ayi achimwene. Maganizo a kumanzere, akakhala oona, amanena kuti wakunja sangakudyereni popanda wapakhomo womutsegulira chitseko. Chimanga cha m'nkhokwe chija sanachinyamule a IMF. Anachigula ndi kuchigulitsanso pa mtengo wokwera ndi Amalawi anzathu, ena a iwo oyandikana ndi ndale. Cashgate ya 2013 inachitikira ku Capital Hill, ndipo inapereka mpata kwa opereka thandizo kuimitsa ndalama zimene zinkadzaza gawo lalikulu la bajeti. Wochita katangale pa makuponi a feteleza ndi mnzathu wopemphera naye limodzi. Attati Mpakati, amene ankatsogolera chipani cha sosholizimu cha LESOMA ali kunja, ankalimbana ndi boma la kwawo lomwe, ndipo anapezeka ataphedwa ku Harare mu 1983.

Palinso pamene ndimasiyana ndi anzanga ena a kumanzere, makamaka achinyamata amene amaombera m'manja aliyense wokangana ndi America. Zimene America inachita ku Iraq mu 2003 zinali kulanda dziko la eni, ndipo chaka chomwecho Paul Bremer, amene America inamuika kulamulira dzikolo, anasaina lamulo lolola akunja kukhala eni ake a makampani a ku Iraq kotheratu. Koma zimene Russia ikuchita ku Ukraine kuyambira 2014 ku Crimea, ndi nkhondo yaikulu ya 2022, n'kulandanso dziko la eni. Nkhondo imeneyo inakweza mtengo wa feteleza kuno, kenako mu 2023 kampani ya ku Russia inatipatsa matani 20,000 a feteleza waulere. Tinalandira chifukwa tinali pa mavuto, koma matumbawo sasintha chimene chikuchitikira mlimi wa ku Ukraine amene munda wake uli ndi mabomba okwirira. Ngongole ya China nayo imabwezedwa ndi ndalama zakunja ngati ina iliyonse.

Thomas Sankara, mtsogoleri wa Burkina Faso, mu Julayi 1987 ku Addis Ababa anapempha atsogoleri a Africa kuti nkhani ya ngongole aikane pamodzi, ponena kuti Burkina Faso ikakana yokha iye sadzafika pa msonkhano wotsatira. Anaphedwa mu Okutobala chaka chomwecho. Dziko limodzi laling'ono silingathe lokha, monganso mlimi mmodzi sangakane mtengo wa venda pamene anzake onse akugulitsa. N'chifukwa chake ife timalimbikira za makopaletivi okhala ndi nyumba zosungiramo mbewu, kuti soya ndi mtedza wa ku Santhe kapena ku Mkanda usamatuluke mu Epulo pa mtengo wa njala, koma uzifinyidwa mafuta konkuno. Timafuna ADMARC yokhala ndi ndalama pa nthawi yokolola osati miyezi itadutsa, nkhokwe za chimanga zimene sizingagulitsidwe popanda Nyumba ya Malamulo kudziwa, ndi lamulo la 2021 lothetsa utenanti lizigwira ntchito m'maesiteti enieni.

Ndipo maso athu akhale pa migodi imene ikubwera moyandikana nafe. Ku Kasiya kampani ya ku Australia, Sovereign Metals, imene kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto ili ndi gawo mmenemo, yapeza mwala wa rutile wochuluka kwambiri, ndipo ku Kanyika chakumpoto kwathuku kuli mwala wa niobium. Mapangano ake awerengedwe poyera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka anthu asanasamutsidwe, tidziwe gawo la boma, msonkho umene akhululukiridwa, chipukuta misozi cha eni minda, ndiponso ngati mwalawo udzatuluka wosayenga. Aphungu athu a kuno akabwera pa msonkhano tiwafunse zimenezi, ndipo amene ali m'gulu muno atha kuyamba kutiyankha pompano.