Mmene ma dolfini amadzitetezera kwa adani awo

Achimwene, mwafunsa kuti ma dolfini, nyama zam'madzi zooneka ngati nsomba zikuluzikulu, amapulumuka bwanji kwa adani awo m'nyanja. Kuno ku Tete sitiwaona chifukwa mu Zambezi mulibe, koma mmodzi mwa adani awo, shaki (nsomba yaikulu yolusa) imene inapatsidwa dzina la mtsinje womwewu, imalowamo ndithu kuchokera kunyanja.

Chitetezo chawo chachikulu ndi kuyenda m'gulu. Shaki ikayandikira, ana amaikidwa pakati, ndipo akuluakulu amaigunda ndi milomo yawo yolimba pamimba ndi m'makha, momwe imapumira, mpaka itathawa. Amatulutsanso timawu timene timagunda chinthu n'kubwerera, motero amazindikira mdani ngakhale madzi atada. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti akamagona, theka la ubongo limakhalabe tcheru, diso limodzi lili chitsegukire.