Funsani Dokotala: BP, shuga ndi zimene timaika m'poto

*Adokotala, ndine mayi wa zaka 52, ndimagulitsa usipa pamsika wa pa boma ku Mangochi. Mwezi watha anandiyeza BP n'kupeza 160/100, ndiye anandipatsa mapiritsi. Anzanga akuti ndisiye nsima ndi nsomba, ndizigula zakudya za m'sitolo, koma ndalama zake ndilibe. Komanso mutu sundipweteka, moti ndikuganiza zosiya mapiritsiwo.*

Mayi, ndiyambe ndi mapiritsiwo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Chonde musasiye. BP yokwera nthawi zambiri simveka m'thupi. Munthu amadya bwino, amagwira ntchito, koma mitsempha ya magazi, impso ndi mtima zikuwonongeka mwakachetechete. Ndaonapo anthu ambiri akubwera nawo kuchipatala atafa ziwalo mbali imodzi, abale awo akulira kuti dzulo lomweli anali bwinobwino. BP ikamafika 140/90 kapena kupitirira mukayezedwa kangapo, timati yakwera, ndipo yanuyo yadutsa pamenepo. Simuli nokha. Kafukufuku amene boma linachita mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Za anzanuwo, sanakuuzeni zoona. Usipa ndi ndiwo yabwino, ndipo zakudya zambiri za m'sitolo, monga soseji, polony ndi zam'chitini, ndizo zodzaza mchere. Mdani wanu ndi mcherewo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zimene wadya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tsono taganizani mmene timaphikira. Tathira mchere m'poto, tawonjezera kabuloko ka supu, therere taika soda wogula, pakudya wina n'kupemphanso mchere wothira m'mbale. Kabulokoko n'kodzaza mchere, ndipo soda wa m'sitolo ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere. Yambani ndi kuchotsa kambale ka mchere pamphasa podyera. Kenako muzichepetsa wa m'poto pang'onopang'ono, n'kukometsa ndiwo ndi tomato, anyezi, adyo kapena mandimu. Masiku oyamba apabanja adzadandaula kuti ndiwo zazizira, koma pakatha milungu ingapo lilime limazolowera.

Nsomba muziphika yamsuzi kapena kuwotcha. Usipa wokazinga m'mafuta ambiri, chipisi cha pachiwaya ndi mandasi zikhale za apo ndi apo. Nsima idyani ndithu, makamaka ya mgaiwa, koma ngati mumatha mitanda itatu bwererani pa iwiri, ndipo malo otsalawo adzaze bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya, chigwada kapena nyemba. Masamba otendera nsinjiro ndi abwino kuposa osambira m'mafuta.

Ntchito yanu ndi yokhala pansi tsiku lonse, ndiye thupi likufunika kuyenda. Mphindi 30 patsiku, masiku asanu pamlungu, zikwana mphindi 150 zimene timalangiza. Muziyenda ndawala, moti mukhoza kuyankhula koma kuimba nyimbo kukukanikani. Kuno kumatentha, makamaka mu October ndi November, choncho nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ngati mumakwera kabaza popita kumsika, mutumize katundu pa njingayo, inu mutsatire wapansi.

*Adokotala, ndine bambo wa ku Namwera, ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Ramadhani yatha ndinafunga, koma tsiku lina chakumadzulo ndinanjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso n'kuchita mdima. Kodi ndingafungenso?*

Bambo, zimene munamvazo ndi zizindikiro zoti shuga anatsika kwambiri, ndipo munali pangozi. Glibenclamide amakankha thupi kuti litulutse insulin, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, ngakhale m'mimba mulibe kanthu, ndiye munthu akakhala maola ambiri osadya, shuga amatha kugwa mpaka kukomoka. Metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri.

Kufunga kapena kusafunga sindingakugamulireni ndisanakuyezeni. Pitani ku kiliniki ya shuga patatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti Ramadhani iyambe. Kumeneko akhoza kusintha nthawi yomwera mankhwala, kuchepetsa mlingo, kapena kukupatsani ena. Musasinthe nokha. Ngati mumabaya insulin kangapo patsiku, impso zanu zili ndi vuto, kapena munakomokapo posachedwa, malangizo a chipatala ndi oti musafunge. Kambiranani ndi a Shehe anu, pakuti Chisilamu chimalola wodwala kumasula.

Akakulolani, musaphonye daku, chakudya chimene mumadya musanayambe kufunga, ndipo muzidya mochedwa, kufupi ndi m'bandakucha. Phala la mgaiwa la nsinjiro, nyemba kapena dzira zimakhalitsa m'mimba kuposa buledi ndi tiyi wa shuga. Vuto lina limabwera pofutulu, nthawi yomasula dzuwa likalowa. Munthu wakhala ndi njala ndi ludzu tsiku lonse, ndiye amayamba ndi zakumwa zozizira, futali mbale yodzaza, tiyi wa masupuni atatu, pambuyo pake nsima. Shuga amene anali pansi amakwera mopitirira. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi timasupuni 8. Yambani ndi madzi, futali mutape pang'ono, ndipo usiku umenewo musaphatikize futali wambiri ndi nsima yambiri. Pakati pa kufutulu ndi daku imwani madzi okwanira.

Ngati muli ndi kamakina koyezera, dziyezeni masana ndi chakumadzulo. Shuga akatsika kufika pansi pa 70 mg/dl, kapena kunjenjemera kuja kukayambanso, masulani pomwepo ndi madzi osungunuliramo supuni yaikulu ya shuga, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Akuchikazi anu ndi ana adziwenso zizindikirozi, chifukwa shuga akatsika mutu umasokonekera, ndipo inu mwina simungathe kudzithandiza.

*Ndine msodzi wa ku Makawa, zaka 38. Ndimapalasa bwato ndi kukoka khoka, thupi ndi lolimba. Bambo anga anamwalira ndi sitiroko. Kodi nanenso ndikayezetse?*

Eya achimwene, kayezetseni. Ntchito yanu ikukutetezani kwambiri, koma BP imayenda m'magazi a pabanja, ndipo imagwira ngakhale anthu ochepa thupi ndi amphamvu. Ngati mumasuta fodya kuti muthamangitse tulo ndi kuzizira panyanja usiku, kapena mumamwa kachasu mukakocheza, ziwirizi zikuwonjezera ngozi imene bambo anu anakumana nayo, ndipo fodyayo ndiye woyamba kusiya. Kuyeza BP kumatenga mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za boma ndi kwaulere. Mukapita, khalani pansi mupume kaye mphindi zisanu asanakumangeni lamba pamkono, ndipo muwapemphe alembe manambalawo m'buku lanu lakuchipatala kuti chaka chamawa mudzayerekeze. Mutengenso abale anu obadwa nawo.