Kodi Mulungu wa Aisraeli anachokera kwa Akanani?

Funso: Akonzi, mnzanga wina amene amakonda kuwerenga mbiri yakale wandiuza kuti Yehova poyamba anali mmodzi mwa milungu ya Akanani, ndipo Aisraeli anangomutengera kwa iwo. Kodi pali umboni wake, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Yankho: Mnzanuyo sananame kotheratu, koma waphatikiza nkhani ziwiri zofunika kuzilekanitsa. Tinene msanga kuti zimene ofukula zakale amapeza zimangosonyeza mmene anthu ankapembedzera, ndipo sizingagamule za chikhulupiriro cha munthu.

Mu 1928 mlimi wina akulima pafupi ndi Ras Shamra, m'mphepete mwa nyanja ku Syria, anatulukira manda akale, ndipo chaka chotsatira akatswiri anayamba kufukula mzinda wa Ugarit, umene anthu ake ankapembedza milungu yofanana ndi ya Akanani. Kumeneko anapeza mapale adothi olembedwa zaka zoposa 1200 Khristu asanabadwe, m'chiyankhulo chapachibale ndi Chiheberi. Mapalewa amati mkulu wa milungu anali El, nkhalamba ya ndevu zaimvi, yachifundo, imene inkatsogolera bwalo la milungu. Mkazi wake anali Athirat, yemwe Baibulo limamutcha Asera, mayi wa ana 70, pamene Baala anali mulungu wa mvula ndi mabingu. Chofunika kwa inu n'chakuti pa mindandanda ya milungu ya ku Ugarit, dzina la Yahweh, lomwe ife timati Yehova, palibepo.

Nanga linachokera kuti? Akatswiri ambiri amaloza kummwera. M'kachisi amene Farao Amenhotep III anamanga ku Soleb, m'dziko la Sudan, muli mawu otchula dziko la abusa oyendayenda otchedwa Shasu limodzi ndi dzina lofanana kwambiri ndi Yahweh. Ndakatulo zakale kwambiri za m'Baibulo zikuvomerezana nazo: Oweruza 5:4 amati Yehova anatuluka ku Seiri ndi ku Edomu, ndipo Habakuku 3:3 amatchula Temani ndi Parani.

Pamene mnzanuyo walondola ndi pa El. Dzina lakuti Israeli, limene likupezeka kale pa mwala wa Farao Merneptah wa cha m'ma 1208 BC, lili ndi El mkati mwake, osati Yahweh. Pa Eksodo 6:2-3 Mulungu akuuza Mose kuti makolo ankamudziwa ngati El Shaddai, ndipo dzina lakuti Yehova sankalidziwa. Pa Deuteronomo 32:8-9, malinga ndi mpukutu wakale wopezeka m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, Wam'mwambamwamba akugawa mitundu ya anthu molingana ndi chiwerengero cha ana a Mulungu, ndipo gawo la Yehova ndi Yakobo. Ena amawerenga ndimeyi ngati chotsalira cha nthawi imene El ndi Yehova ankaonedwa ngati awiri, pamene ena amati onsewo ndi mayina a Mulungu mmodzi. Chimene chimaonetsa kuti awiriwa analumikizana kalekale n'chakuti aneneri sanalimbanepo ndi El, monga analimbanira ndi Baala. Ngakhale Baalayo, amene Eliya anamutsutsa pa phiri la Karimeli, anasiya mawu ake m'nyimbo za Aisraeli: ku Ugarit iye ndiye ankatchedwa wokwera pa mitambo ndiponso wogonjetsa chinjoka cha m'nyanja chotchedwa Lotan, ndipo Salimo 74 limanena za Yehova akuphwanya mitu ya Leviyatani, chinjoka cha m'nyanja chimene dzina lake likufanana ndi la Lotan.

Za Asera ndiye zimadabwitsa ambiri. Ku Kuntillet Ajrud, m'chipululu cha Sinai, ofukula anapeza mu 1975 ndi 1976 mitsuko ikuluikulu ya cha m'ma 800 BC, ndipo pa umodzi munthu analembapo dalitso m'dzina la Yahweh wa ku Samariya ndi Asera wake. Akatswiri amatsutsanabe ngati Aserayo anali mulungu wamkazi kapena mlongoti wopatulika, koma Baibulo lenilenilo silibisa kuti zoterezi zinkachitika, pakuti 2 Mafumu 23:6 amasimba kuti Mfumu Yosiya anatulutsa chifanizo cha Asera m'Kachisi wa ku Yerusalemu n'kukachitentha ku chigwa cha Kidroni, cha m'ma 622 BC.

Mawu osapita m'mbali akuti kulibiretu mulungu wina amamveka kwambiri Yerusalemu atagwa mu 586 BC, Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo, monga pa Yesaya 45:5.