Za VLAN 20 imene sikufika pa switch yachiwiri

Achimwene, mwati mu ofesi muli switch ya Cisco, kunyumba inayo muli ya TP-Link, ndipo munagawa netiweki m'magulu osiyana otchedwa ma VLAN, VLAN 10 ya ogwira ntchito ndi VLAN 20 ya alendo, koma makompyuta a ku TP-Link sakulandira IP (adiresi ya pa netiweki). Ine ndikukayikira mmene munakonzera ma port (polowetsa makebulo) a ma switch awiriwo. Ndifotokoze kaye za tag, chizindikiro chosonyeza VLAN, chifukwa mukaimvetsa vutoli mulipeza nokha.

Kompyuta wamba siidziwa kuti ili mu VLAN. Imangotumiza frame yake (kaphukusi ka data) yopanda chizindikiro chilichonse, ndipo switch ndi imene imati, "iyi yalowera pa port ya VLAN 20, ndiye ndi ya 20." Port yotereyi ndiyo access. Nkhani imavuta ma frame a ma VLAN angapo akamadutsa kebulo imodzi. Zili ngati matumba a chimanga a mabanja osiyana okwezedwa pa lole imodzi: ngati sanalembedwe maina, wotsitsa adziwa bwanji la ndani? Ndiye pa port ya trunk, yonyamula ma VLAN angapo, switch imalowetsa ma byte 4 mu frame, pambuyo penipeni pa MAC address (nambala yozindikiritsa chipangizo) ya wotumiza. Muyezo wake ndi IEEE 802.1Q, wa 1998. Ma byte awiri oyamba ndi 0x8100, kungodziwitsa kuti pano pali tag. Mwa ma bit 16 otsalawo, 12 ndi nambala ya VLAN, n'chifukwa chake mumasankha kuyambira 1 mpaka 4094, poti 0 ndi 4095 ndi zosungidwa. Switch yolandirayo imawerenga nambala, n'kuchotsa tag isanapereke frame kwa kompyuta.

Pamene ambiri timagwa ndi pa mayina. Cisco imati access ndi trunk, TP-Link imati untagged ndi tagged, n'kuwonjezanso PVID, nambala ya VLAN imene port imapatsa frame yolowa yopanda tag. Pa port yopita ku Cisco, ikani 10 ndi 20 zonse tagged. Pa port ya kompyuta ya mlendo, ikani 20 untagged, ndipo musaiwale kusintha PVID kukhala 20. Untagged ikunena za frame yotuluka, PVID ikunena za yolowa. Mukaisiya pa 1, pempho la DHCP (lopempha IP) la kompyutayo limagwera mu VLAN 1 ndipo yankho silibwera. Ndikhoza kubetcha kuti vuto lanu ndi limeneli.

Ku Cisco lembani show interfaces trunk. Onani ngati port ilidi trunk, ngati 20 ili pa ma VLAN ololedwa, ndi native VLAN yake. Native ndi VLAN imodzi imene imayenda pa trunk yopanda tag, ndipo ngati simunasinthe ndi 1. Mbali ziwirizo zikasemphana pamenepa, ma frame amalowa m'nyumba ya eni, VLAN yolakwika, mwakachetechete.

Powonjezera 20, lembani switchport trunk allowed vlan add 20. Liwu loti add lija musalidumphe. Ine ndinaliiwala tsiku lina pa ofesi ina, ma VLAN ena onse anachotsedwa pa trunk, ine ndemwe n'kudzitsekera kunja. Ndinakwera masitepe ndi laputopu ndi kebulo ya console (yolumikiza laputopu ku switch mwachindunji) m'manja, anthu akundifunsa kuti intaneti yapita kuti.

Zikakanikabe, jambulani tsamba la PVID ndi zotuluka pa show interfaces trunk, muponye pano tione.