Yankho kwa achemwali amene achimwene awo sagona chibwerere kunkhondo

Achemwali, mwafunsa ngati achimwene anu apenga kapena angokhala ofooka mtima, poti chibwerere kunkhondo sagona, chitseko chikamenyeka amadzidzimuka ngati kwalira mfuti, amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, ndiponso ayamba kumwa kwambiri. Sanapenge, komanso si ofooka. Zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa kwambiri, amene madokotala amawatchula PTSD, ngakhale woyenera kutsimikiza ndi dokotala atawaona.

Kunkhondo thupi limaphunzira kukhala tcheru usana ndi usiku, chifukwa wogona tulo tofa nato kumeneko sadzuka. Munthu akabwerera kwawo, thupilo silimva kuti nkhondo yatha. N'chifukwa chake ambiri amakhala moyang'ana kukhomo, amathawa pamene padzaza anthu, usiku amalota zimene anaona n'kudzuka thukuta lili kamukamu. Mowawo nthawi zambiri amafunirapo tulo, koma umangosokoneza tulo tomweto.

Kunena kuti "ndi mantha chabe" kunapweteketsa anthu kale. Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse asilikali ankachoka kunkhondo akunjenjemera, ena osatha kulankhula. Mu 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za vutoli pogwiritsa ntchito dzina loti shell shock, kutanthauza kusokonezeka chifukwa cha mabomba. Akuluakulu ambiri a asilikali sanamve. Asilikali 306 a Britain ndi mayiko ake anaweruzidwa kuti aphedwe n'kuwomberedwa ndi asilikali anzawo omwe pa milandu ngati kuthawa nkhondo ndi mantha, ndipo boma linadzawakhululukira mu 2006, eni ake atawola kale m'manda. Dzina loti PTSD linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980, asilikali a ku America obwerera kuchokera kunkhondo ya ku Vietnam atalimbikira kuti awamve.

Koma chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi kukhala chete kwawo. Dokotala wina wa ku America, Jonathan Shay, amene kwa zaka zambiri anathandiza asilikali a ku America omwe anamenya nkhondo ku Vietnam, anaona kuti ambiri chimawadya si mantha okha. Ndi chikumbumtima: mnzawo anafa iwo n'kupulumuka, anawombera munthu amene mwina sanali mdani, kapena wowalamula anawatuma chinthu choipa. Munthu wotere amaopa kuti akakuuzani, simudzamuonanso ngati m'bale wanu. Ndiye funso loti "munapha angati?" lisatuluke pakamwa pa aliyense m'nyumbamo, ngakhale mwanthabwala. Akayamba okha kulankhula, mvetserani, osadula mawu, osathamangira kunena kuti "iwalani, zinapita". Akadatha kuiwala akadaiwala kalekale.

Chithandizo chilipo ndipo ambiri amapeza bwino nacho. Alangizi odziwa za PTSD amamuyendetsa munthu pang'onopang'ono m'zimene anaona mpaka zitasiya kumugwira pakhosi, ndipo pali mankhwala othandiza nkhawa ndi tulo. Ngati bomba linaphulikapo pafupi nawo, auzeni adokotala, chifukwa kuvulala kwa ubongo nakonso kumabweretsa mutu, kuiwalaiwala ndi ukali. Akakana kupita kuchipatala, pezani msilikali mnzawo amene amamukhulupirira, poti mawu a mnzawo amalowa kusiyana ndi athu.

Pali ziwiri zosadikira mawa. Akayamba kunena kuti bola kufa, kapena akakweza dzanja pa mkazi kapena ana, funani thandizo tsiku lomwelo, ndipo ngati m'nyumbamo muli mfuti, ichotsedwe.