Mafunso ndi Mayankho: Kafukufuku wa zaka ziwiri m'mphindi 10

FUNSO: Aphunzitsi, ndine namwino pa chipatala china cha boma m'chigawo chakummwera, ndipo ndikumaliza maphunziro a digiri yachiwiri. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikufufuza zifukwa zimene amayi oyembekezera ambiri kwathu kuno amayambira sikelo mochedwa, zomwe zimachititsa kuti asalandire mokwanira mankhwala a SP owateteza ku malungo. Chidule cha kafukufukuyu chavomerezedwa pa msonkhano wa akatswiri a zaumoyo womwe uchitikire ku Blantyre mwezi wamawa, ndipo andipatsa mphindi 10 zolankhula ndi mphindi 5 za mafunso. Ndakonza masilaidi 38 ndipo ndikulephera kuchotsapo ngakhale imodzi, chifukwa iliyonse ndidaikhetsera thukuta. Chinanso n'chakuti Chingerezi ndimalemba bwino, koma ndikaima pamaso pa madokotala akuluakulu chimandithawa pakamwa. Ndithandizeni.
Namwino wa kummwera

YANKHO: Mayi, ndikuyamikireni kaye, chifukwa komiti ya msonkhano ikavomereza chidule ndiye kuti yaona kale kuti ntchito yanu ndi yoyenera kumvedwa. Simukupita kukapempha malo pakati pa akatswiriwo. Malowo mwapatsidwa kale, chatsala n'kuwagwiritsa ntchito bwino.

Ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti masilaidi 38 sangakwane m'mphindi 10. Mukawakakamiza, silaidi iliyonse idzakhala pakhoma masekondi 16 okha, nthawi yosakwana ngakhale kuwerenga mutu wake n'kuumvetsa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ine ndemwe zidandichitikira pa msonkhano wanga woyamba: wapampando adaimirira kundisonyeza kuti nthawi yatha ndikadali kufotokoza mmene tidasankhira anthu olowa mu kafukufuku, ndipo zotsatira, zomwe zidali chifukwa chenicheni cha ulendo wanga, ndidangozithamangitsa m'mphindi imodzi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa anthu amene adatipatsa nthawi yawo kumidzi sindidawayankhulire bwino tsiku limenelo.

Komabe musayambe ndi kudula masilaidi. Tsekani laputopu, mupite kwa munthu amene sadziwa chilichonse cha kafukufuku, kaya ndi mayi anu, kaya ndi amayi ogulitsa mandasi pageti la chipatala, mumuuze m'Chichewa, m'chiganizo chimodzi chokha, chimene mwapeza. Mukanena kuti "ndidafufuza za amayi ochedwa kusikelo", mwangotchula mutu, simudanene chimene mwapeza. Koma mukatha kunena, mwachitsanzo, kuti "amayi amadziwa ubwino wa sikelo, koma amadikira kuti mimba ioneke kaye chifukwa safuna kuti anthu adziwe msanga", apo ndiye muli ndi nkhani. Ndimalimbikira kuti muyambe m'Chichewa chifukwa Chingerezi cha m'mabuku chimatha kubisa munthu amene sadamvetse bwino ntchito yake, pamene chilankhulo chimene mudayamwira sichilola kubisala kuseri kwa mawu akuluakulu. Chiganizo chimenecho mukachipeza, chilembeni papepala, kenaka muyese silaidi iliyonse: imene ikuchichirikiza itsale, imene sikuchichirikiza ichoke, ngakhale idakudyerani miyezi itatu.

Taonani mmene akafukufuku otchuka a m'dziko lathu lino amakumbukiridwira. Malawi adasiya kuchiza malungo ndi chloroquine mu 1993 chifukwa tizilombo tidali titawazolowera mankhwalawo. Patatha zaka 12, gulu la Miriam Laufer ndi anzake lidawayesanso pa ana ku Ndirande, ndipo zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2006 zidasonyeza kuti chloroquine adachiza ana 99 mwa 100 aliwonse. Nkhani yonseyo munthu angainyamule m'mutu m'chiganizo chimodzi: tidawasiya mankhwala, ndipo mphamvu yake idabwerera. Chimodzimodzinso kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mbali ina adachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Adakhudza mabanja 1,763 m'maiko angapo, momwe mmodzi adali ndi HIV ndipo mnzake alibe, ndipo mapepala ake ndi ochuluka zedi, koma zotsatira zake zitaperekedwa pa msonkhano wa ku Rome mu 2011, chimene anthu adabwerera nacho kwawo chidali nambala imodzi: kuyamba msanga mankhwala a ma ARV kudachepetsa kupatsirana kachilombo ndi maperesenti 96. Omvera anu adzakhala atamva anthu khumi kapena kuposerapo tsiku lomwelo, ndipo kwa inu adzatengako chinthu chimodzi. Ndi udindo wanu kusankha chinthucho, apo ayi adzasankha okha, mwina chosayenera.

Pa kagawidwe ka nthawi, ndikulangizani masilaidi 10 kapena 12. Mawu oyamba asapitirire mphindi imodzi ndi theka. M'chipinda chodzaza madokotala ndi anamwino palibe amene akufunika kuuzidwa kuti malungo ndi oopsa kwa mayi woyembekezera, choncho pitani msanga pamene pali mpata: bungwe la WHO limalangiza kuti SP ayambe kuperekedwa mimba ikakwana masabata 13, ndipo mayi alandire katatu kapena kuposerapo, motalikirana mwezi, kotero kuti wobwera mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi wataya kale mwayi wina. Funso lanu likubadwira pamenepo. Njira zimene mudatsata zitenge mphindi ziwiri, ndipo munene zokhazo zimene munthu wokayikira angafune kuti akukhulupirireni: kudali kuti, liti, anthu angati, mudawasankha bwanji, komanso ndi komiti iti idavomereza kafukufukuyo, kaya ndi COMREC kapena NHSRC. Theka la nthawi yonse lipite ku zotsatira.

Pa zotsatirapo ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Amakopera tebulo la manambala kuchokera m'buku la digiri, la mizere 20, n'kuliika pakhoma, kenaka n'kupepesa kuti mwina akumbuyo sakuona. Ngati mukudziwa kuti sakuona, tebulolo lisakhalepo. Tengani manambala atatu kapena anayi ofunika, muwajambule pa tchati chimodzi cha zilembo zikuluzikulu, ndipo chikaonekera musathamangire kumasulira. Yambani mwanena chimene chili m'munsi ndi chimene chili m'mbali, chifukwa inu mwachiona kambirimbiri pamene iwo akuchiona koyamba. Mutu wa silaidi usakhale mawu akuti "Results" basi, koma chiganizo chonena zimene tchaticho chikusonyeza, kuti amene maganizo ake adapita kwina athe kubwerera n'kukupezani. Popeza mudacheza ndi amayi, sankhani mawu a mmodzi kapena awiri, muwalembe m'chilankhulo chimene adalankhulira, Chingerezi chikhale pansi pake. Mawu a mayi wa kumudzi akawerengedwa mmene adatulukira pakamwa pake, chipinda chimakhala zii. Koma dzina lake, mudzi wake kapena chithunzi chake zisaoneke pokhapokha adavomera yekha molemba, chifukwa Malawi ndi wamng'ono ndipo m'chipindamo mungakhale wina womudziwa.

Zofooka za kafukufuku wanu muzinene nokha, mwachidule komanso mopanda manyazi. Ngati mudacheza ndi amayi okhawo amene adafika ku chipatala, nenani kuti amene sabwera n'komwe simudawamve. Ngati mudapeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, musanene kuti china ndicho chimayambitsa chinzake. Akatswiri amalemekeza kwambiri munthu wodziwa polekezera umboni wake kusiyana ndi wokuza zinthu.

Tsopano za Chingerezi chothawa pakamwa. Mankhwala ake ndi kuyeserera mokweza mawu, mutaimirira, wotchi ili patsogolo, osati kuwerenga masilaidi chamumtima muli pabedi. Chitani zimenezi kasanu kapena kuposerapo, kawiri konse pamaso pa anzanu a kuntchito, ndipo muwapemphe kuti akuuzeni pamene adasochera, osati kungokuyamikirani. Cholinga chikhale kumaliza m'mphindi 9, pakuti tsikulo pamakhala zochedwetsa. Lowezani pamtima ziganizo ziwiri zoyamba ndi chomaliza, chifukwa mantha amaluma kwambiri m'masekondi oyambirira, ndipo mukawoloka pamenepo lilime limamasuka. Ziganizo zikhale zazifupi, za mawu amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku muwodi. Musayese kusintha kamvekedwe ka mawu anu kuti mumveke ngati wa ku London. Pa misonkhano ya sayansi pamakhala anthu ochokera ku Mozambique, ku Senegal, ku Japan, aliyense ndi Chingerezi chakechake, ndipo chimene onse amafuna n'chakuti mulankhule pang'onopang'ono ndi momveka. Yang'anani anthu, osati khoma, ndipo musawerenge zimene zalembedwa pa silaidi, chifukwa maso awo amathamanga kuposa pakamwa panu.

Tsiku lenilenilo fikani m'chipinda nthawi yopuma isanathe, mudzidziwitse kwa wapampando, muyese maikolofoni ndi purojekitala. Masilaidi akhale pa flashi, pa imelo, komanso mu PDF, popeza PowerPoint imatha kusintha maonekedwe ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Sindikizaninso papepala, kuti magetsi akathima mupitirize kulankhula podikira jenereta.

Mafunso musawaope mopitirira muyeso. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo funso lochokera kwa munthu amene sadziwa dera lanu likhoza kukusonyezani chimene inu ndi okuyang'anirani pa maphunziro simudachione. Mvetserani mpaka wofunsa amalize, bwerezani funsolo m'mawu anu kuti akumbuyo amve komanso kuti mupeze mpata woganiza, kenaka yankhani mwachidule. Ngati simukudziwa, nenani kuti mbali imeneyo simudaifufuze. Kupeka yankho pamaso pa anthu odziwa n'kumene kumagwetsa munthu. Pamakhalanso akuluakulu ena amene amatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokoza ntchito yawo m'malo mofunsa. Athokozeni mwaulemu, muwapemphe kuti mukambirane pa nthawi ya tiyi, ndipo mukawafunefunedi, chifukwa maubale ambiri a ntchito ya kafukufuku amayambira pa kapu ya tiyi imeneyo. Pa nthawi yonse ya mafunso, pakhoma patsale silaidi ya chiganizo chanu chija pamodzi ndi imelo yanu, osati ya mawu othokoza okha.

Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene sichili pa ndondomeko ya msonkhano. Mukabwerako, kaperekeni nkhani yomweyi kwa anzanu a ku sikelo, kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi kwa mafumu a dera limene mudafufuzako, m'Chichewa chomwe mudayambira chija. Iwo ndi amene angasinthe kalandiridwe ka mayi wobwera ndi mimba ya miyezi itatu yomwe sakufuna kuti anthu aidziwe.

FUNSO: Aphunzitsi, ndikuphunzira zaulimi ku Bunda. Ndidapempha kuti ndikalankhule pa msonkhano za kafukufuku wanga wa mbozi zowononga chimanga, koma andiyankha kuti ndikonze positala, chipepala chachikulu chofotokoza kafukufuku chomwe chimapachikidwa kuti anthu aziwerenga. Kodi ndiye kuti ntchito yanga ndi yosakwanira?
Wophunzira, Lilongwe

YANKHO: Ayi achimwene, sizikutanthauza choncho. Nthawi yolankhula imakhala yochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha opempha, ndipo ntchito zambiri zabwino zimathera pa mapositala. Kwa munthu woyamba kumene, positala ili ndi ubwino wake, chifukwa m'malo mwa mphindi 5 za mafunso mumakhala ndi ola lathunthu kapena kuposerapo locheza maso ndi maso ndi anthu amene aima chifukwa nkhaniyo yawakhudzadi. Mbozi za fall armyworm zidafika ku Africa mu 2016 ndipo zidavuta kwambiri m'minda ya ku Malawi mu 2017, kotero ofuna kumva za ntchito yanu sadzasowa. Funsani kwa okonza msonkhano kukula kwa positala komanso ngati ikhale yoimirira kapena yogona musanapite kokasindikiza, pakuti kusindikiza papepala lalikulu la saizi ya A0 n'kodula ndipo simungafune kubwereza. Mutu unene chimene mudapeza ndipo uwerengeke munthu ali patali mamita awiri, mawu akhale ochepa, zithunzi za masamba odyedwa ndi matchati zikhale zazikulu. Konzekerani kufotokoza zonse m'mphindi ziwiri, ndipo nthawi yoonetsa ikakwana imirirani pambali pa positala yanu, foni ili m'thumba, n'kumapatsa moni aliyense amene wachepetsa liwiro podutsa.